Benz Yakale ya ku Mayfair: Mtengo Weniweni Umayamba Mukalandira Makiyi

Kuyambira kale, munthu wochokera ku Joni amadziwika ndi katundu amene wabwera naye. M'masiku a Wenela ndi Theba, pamene amuna ankapita kukakumba golide m'migodi ya South Africa, wobwerera kumudzi ankatsika ndi sutikesi yachitsulo, bulangete lolemera, wailesi ndi njinga yakapalasa. Ntchito yolemba Amalawi kudzera ku Theba inatha m'chaka cha 1988, koma ulendo wa ku Joni sunathere pomwepo. Lero achinyamata amakwera basi kukagwira ntchito m'masitolo, m'nyumba za anthu ndi m'magalaja, ndipo ambiri mwa iwo amalota kudzabwera kwawo akuyendetsa galimoto.

Pakati pa galimoto zimene zimakopa mtima pali gulu lina lapadera: zakale koma zapamwamba, monga Mercedes-Benz, BMW ndi Jaguar zimene zinapangidwa zaka 30 kapena 40 zapitazo. Nthawi zina mtengo wake umakhala wotsika kuposa wa kagalimoto kakang'ono ka masiku ano kogwiritsidwapo kale ntchito. Motero munthu wa malipiro ochepa angathe kusunga ndalama kwa zaka zingapo n'kukhala mwini wa galimoto imene poyamba inkayendera nduna ndi eni makampani. Msampha wagona pomwepa. Mtengo wogulira galimoto yotere umatsika chaka ndi chaka, koma mtengo woisamalira umakhalabe wa nduna. Ndipo ndalama imene imathera ku galaja kawirikawiri ndi yomwe ija banja kumudzi limadikira kuti ligulire fetereza ndi kulipirira ana sukulu.

Mayfair ndi Amalawi

Mayfair ndi dera lomwe lili chakumadzulo kwa pakati pa mzinda wa Johannesburg, moyandikana ndi Fordsburg, Brixton ndi Langlaagte, kumene miyala ya golide inapezeka m'chaka cha 1886. Pansi pa lamulo la tsankho la Group Areas Act la 1950, derali linali la azungu okha. M'zaka za m'ma 1980 mabanja a amwenye anayamba kugulamo nyumba lamuloli lisanathe, ndipo litathetsedwa mu 1991 anthu a mitundu ina anakhamukirako. Anthu othawa nkhondo ku Somalia anakhazikika kumeneko mochuluka moti mbali ina ya derali imatchedwa Little Mogadishu.

Amalawi, makamaka Asilamu ochokera m'maboma a Mangochi, Machinga ndi Balaka, nawo anapeza malo ku Mayfair ndi ku Fordsburg chifukwa cha mizikiti komanso ntchito zopezeka m'masitolo a amwenye ndi pa msika waukulu wa Oriental Plaza. Ambiri amagwira ntchito m'mabanja amene akhala ndi galimoto imodzi kwa zaka zambiri. Si zachilendo kuti bwana akafuna kuchotsa Benz yakale ya malemu bambo ake, imene yakhala ikudya malo m'galaja, ayambe wauza wantchito wake wokhulupirika, mwinanso n'kumulola kulipira pang'onopang'ono pomudula pa malipiro. Ena amazipeza kwa ogulitsa a m'mbali mwa msewu, pa Facebook kapena kumalo ogulitsira katundu mokweza mitengo.

Chifukwa chake zilipo zambiri

Dziko la South Africa lakhala likupanga galimoto zoterezi kwa nthawi yaitali. Galimoto za Mercedes-Benz zinayamba kulumikizidwa mumzinda wa East London m'chaka cha 1958, ndipo kampani ya BMW inatenga fakitale ya ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, mu 1973. Iyi inali fakitale yake yoyamba kunja kwa dziko la Germany. Boma la South Africa sililolanso kuti galimoto zakaunjika zochokera kunja, ngati za ku Japan zimene zadzaza m'misewu ya ku Malawi, zizigulitsidwa mwachisawawa m'dzikomo. N'chifukwa chake anthu kumeneko amasunga ndi kugulitsana galimoto zakale za m'dziko momwemo.

Mitundu itatu ya Mercedes-Benz ndiyo imaoneka kwambiri. W123, imene inapangidwa kuyambira 1976 mpaka chapakati pa zaka za m'ma 1980, inatuluka yokwana pafupifupi 2.7 miliyoni pa dziko lonse, ndipo inatchuka ngati takisi m'mayiko ambiri a mu Africa chifukwa cha kulimba kwake. W124 inalowa m'malo mwake mpaka chapakati pa zaka za m'ma 1990. W126, yaikulu ndi yapamwamba koposa, inapangidwa kuyambira 1979 mpaka 1991. Ya mtundu umenewu ndi imene ogwira ntchito pa fakitale ya East London anapangira Nelson Mandela mu 1990 atatuluka m'ndende: 500SE yofiira, imene anailumikiza pa nthawi yawoyawo osalipidwa. Anaipereka kwa iye mu July chaka chomwecho pa bwalo la masewero la Sisa Dukashe ku Mdantsane, ndipo pambuyo pake inakasungidwa ku Apartheid Museum mu Johannesburg.

Mbiri ngati imeneyi imapatsa galimotozi ulemu, ndipo Amalawi nawo amaudziwa ulemuwo. Achikulire amakumbukira Rolls-Royce yofiira yosafolera imene Dr Hastings Kamuzu Banda ankayendera pa misonkhano. Koma ngakhale boma limalemedwa nazo: mu 2012 Dr Joyce Banda atangolowa m'boma, kunalengezedwa kuti ndege ya pulezidenti ndi galimoto 60 za Mercedes-Benz zigulitsidwa pofuna kuchepetsa ndalama zimene boma linkawononga. Ngati thumba la boma linamva kulemera, nanga bwanji thumba la wantchito wa m'sitolo?

Ogulitsa amakonda kunena kuti galimoto yakale ndi chuma chimene mtengo wake umangokwera. Izi n'zoona pa zochepa chabe. BMW 333i, imene inapangidwira South Africa yokha ndipo zinatuluka zongopitirira pang'ono 200, komanso BMW 325iS imene m'makomboni amaitcha Gusheshe, zimagulidwa pa mitengo yokwera kwambiri chifukwa n'zosowa. Benz wamba yotopa, ya mipando yong'ambika ndi dzimbiri pansi, siili m'gulu limenelo.

Mapepala poyamba

Cholakwa chachikulu cha ogula ambiri n'kuyamba ndi kumvetsera kulira kwa injini. Chofunika kuyamba nacho ndi mapepala, chifukwa injini yowonongeka imakonzeka, pamene galimoto yakuba imalandidwa ndi apolisi ndipo wogulayo amataya zonse, mwinanso n'kumangidwa.

Wogulitsa ayenera kuonetsa chikalata chenicheni cha umwini, chimene ku Malawi timachidziwa kuti blue book, osati chojambula pa makina. Pa chikalatacho pamalembedwa mayina awiri: mwini galimoto ndi amene ali ndi mphamvu pa umwiniwo, yemwe amakhala banki ngati ngongole sinathe. Dzina la wogulitsa lifanane ndi la pa chitupa chake. Ngati galimotoyo ndi ya munthu amene anamwalira, wogulitsa akhale ndi kalata yomupatsa mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye. Nambala ya chesesi ndi ya injini zimene zinadindidwa pa chitsulo zifanane ndi za pa chikalata komanso za pa kapepala kozungulira ka laisensi komata pa galasi. Nambala yooneka yopalidwa kapena yowotchereredwa ndi chizindikiro choti muchokepo msanga.

Onaninso gulu limene galimotoyo inalembedwa m'kaundula wa boma wa NaTIS. Code 2 ndi galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito mwa masiku onse. Code 3 ndi imene inawonongeka kwambiri n'kumangidwanso, ndipo mtengo wake uyenera kukhala wotsika. Code 4 ndi yoti ingophwasulidwa, siingabwererenso pamsewu.

Malamulo a South Africa amafuna kuti wogula alembetse galimoto m'dzina lake pasanathe masiku 21. Pamafunikanso chiphaso chotsimikiza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu, chimene amachitcha roadworthy, ndipo chimagwira ntchito masiku 60 okha. Okhala ku Mayfair ali pafupi ndi ofesi ya za malaisensi ya ku Langlaagte. Ngati galimoto yakhala zaka osailipirira laisensi, ngongole ndi zilango zake zimaunjikana, choncho mugwirizane molemba za amene alipire musanapereke ndalama.

Mlendo amene alibe chitupa cha South Africa amafunika nambala yotchedwa Traffic Register Number, imene amapereka kwa munthu wokhala ndi pasipoti ndi chilolezo chokhalira m'dzikomo. Ena amene alibe zikalatazi amalembetsa galimoto m'dzina la bwana, mnzawo kapena chibwenzi. Pamaso pa lamulo, galimoto yotere ndi ya amene dzina lake lili m'kaundula. Ubale ukatha, kapena munthuyo akamwalira, amene anatulutsa ndalama amatsala manja ali m'khosi.

Pomaliza, dziwani kusiyana kwa ogulitsa. Lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act la 2008, limene linayamba kugwira ntchito mu 2011, limapatsa wogula miyezi 6 yodandaula ngati wagula kwa wamalonda katundu wokhala ndi vuto limene sanauzidwe. Koma munthu wamba akamagulitsa galimoto yake, kawirikawiri amalemba mawu oti voetstoots, kutanthauza kuti mwaigula momwe ililimo.

Chikomekome cha mkuyu

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Penti yonyezimira imabisa zambiri, choncho pitani masana ndipo mutenge makaniko wanuwanu amene amazidziwa galimoto za mtundu umenewo. Ndalama yomulipira tsiku limodzi ndi yochepa poyerekeza ndi imene angakupulumutsireni.

Mdani wamkulu ndi dzimbiri. Mzinda wa Johannesburg uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wake ndi wouma, motero galimoto imene yakhala kumeneko moyo wake wonse siichita dzimbiri msanga. Imene inakhala ku Durban, East London kapena Cape Town imakhala itadyedwa ndi chinyezi cha mchere. Tukulani makapeti, yang'anani pansi pa batire, poikira jeke, m'mphepete mwa matayala, m'munsi mwa zitseko, m'buti ndi mozungulira magalasi. Kamaginito kakang'ono kamathandiza: pamene sikakumata, pamenepo anamatapo phala lobisa bowo kapena ngozi.

Injini muilize itazizira. Wogulitsa amene waitenthetseratu musanafike angakhale akubisa kanthu. Utsi wobiriwira ngati mtambo umasonyeza kuti injini ikudya oyilo. Utsi woyera wosatha, pamodzi ndi thovu looneka ngati chambiko pansi pa chivindikiro cha oyilo, umasonyeza kuti madzi akulowa mu injini. Benz zakale zili ndi kawotchi koonetsa mphamvu ya oyilo: muvi wake uyenera kukwera mpaka pa 3 mukangoponda moto, ngakhale injini itatentha. Phokoso la tcheni m'masekondi oyamba lisanyozedwe, makamaka pa injini zazikulu za V8, chifukwa timapulasitiki togwira tcheni cha m'kati timauma ndi ukalamba, ndipo tikathyoka injini yonse imawonongeka.

Oyilo wa giyabokosi yosintha yokha akhale wofiira. Akakhala wakuda ndi wonunkha kupsa, konzekerani ndalama zambiri. Musakhulupirire kwambiri makilomita olembedwa pa wotchi, popeza timagiya tapulasitiki ta m'mawotchi amenewa timathyoka ndipo wotchi imatha kuima kwa zaka. Umboni wabwino ndi buku la sevisi ndi malisiti a ku galaja. Yesani chilichonse: mawindo amagetsi, maloko, zoziziritsa mpweya, magetsi a pa dashibodi. Benz zina za kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 zinaikidwa mawaya amene chikopa chake chimayoyoka ndi kutentha, ndipo kusintha mtolo wonse wa mawayawo si ntchito yotsika mtengo.

Walira mvula walira matope

Amene wagula akhale wokonzeka kusamalira. Lamulo labwino n'lakuti musathere ndalama zonse pogula. Sungani gawo lalikulu, ngakhale limodzi mwa magawo atatu, la ntchito za m'miyezi yoyambirira: kusintha oyilo yense, masefa, malamba, mapaipi a labala, mabuleki ndi matayala. Tayala limakalamba ngakhale mapanga ake akuoneka atsopano. Manambala anayi omaliza a m'mbali mwake amanena sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2315 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2015.

Injini yakale imafuna oyilo watsopano pafupipafupi, pa makilomita 5,000 mpaka 7,500 alionse, kapena kamodzi pa chaka ngati siyenda kwambiri. M'radiyeta musathire madzi a pampopi okha. Sakanizani ndi mankhwala ake oteteza dzimbiri, chifukwa madzi okha amadya mutu wa injini wa aluminiyamu. Mafuta a mabuleki asinthidwe zaka ziwiri zilizonse. Zoziziritsa mpweya za galimoto zambiri za nthawi imeneyo zinkagwiritsa ntchito gasi wa R12, amene analetsedwa potsatira pangano la Montreal la 1987 loteteza mlengalenga, choncho zimafunika kusinthidwa kuti zilandire gasi wa masiku ano.

Galimoto yongoimikidwa imawonongeka msanga kuposa yoyenda: batire imafa, mabuleki amagwirana, malabala amauma. Iyendetsedwe sabata iliyonse mpaka itatentha bwino. Ifunikanso denga, popeza nyengo ya dzinja ku Johannesburg kumagwa matalala aakulu amene amaboola magalasi ndi kubonyola bodi. Munthu wochita lendi kachipinda ka kuseri kwa nyumba awerengere za malo oimikapo, komanso za inshuwalansi, imene makampani ena amavuta kupereka pa galimoto zakale zogona panja.

Ubwino wa Joni ndi wakuti masipeyala amapezeka: atsopano kwa ogulitsa ovomerezeka, ena opangidwa ndi makampani odziwika ngati Bosch, ndi akaunjika kumalo ophwasulira galimoto. Pa mabuleki, chiwongolero ndi tcheni cha injini musagule zotsika mtengo zosadziwika kochokera. Pa zitseko, magalasi ndi mipando, zakaunjika n'zokwanira.

Kenaka pali mafuta. Benz ya V8 ngati 500SE imamwa malita pafupifupi 15 pa makilomita 100 alionse, ndipo m'tauni imapitirira apo. Kagalimoto kakang'ono ka masiku ano kamamwa malita 6 kapena 7 pa mtunda womwewo. Za dizilo monga 300D zimamwa pang'ono kuposa za petulo, ndipo n'zosavuta kukonza, n'chifukwa chake odziwa amazisakasaka.

Ulendo wopita kumudzi

Ambiri amagula ndi cholinga choti adzapite nayo kwawo. Kuchokera ku Johannesburg kukafika ku Blantyre kudzera pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza pali makilomita oposa 1,700. Pa mlingo wa malita 15 uja, ndiye kuti malita oposa 250 a petulo ulendo umodzi, osawerengera misonkho ya pamsewu ndi inshuwalansi ya m'mayiko odutsamo.

Galimoto yotuluka m'dzikomo kosabwereranso imafunika chiphaso cha apolisi chotchedwa SARPCCO, chotsimikiza kuti si yakuba, pamodzi ndi zikalata za kasitomu za bungwe la SARS. Pofika ku Malawi, bungwe lotolera misonkho la MRA limawerengera msonkho potengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto: yaikulu injini imagwera m'gulu la msonkho wokwera. Bungweli lili ndi mphamvu yoyerekeza lokha mtengo wa galimoto ngati silikukhutira ndi lisiti yanu. Funsani ku MRA galimoto isananyamuke, kuti isadzagone pa chipata mwini wake akusakasaka ndalama. Pambuyo pake pamatsala kuilembetsa ku nthambi yoona za pamsewu ndi kupeza chiphaso cha COF.

Ikafika, mavuto ena amayamba. Masipeyala amene ku Joni amapezeka tsiku lomwelo, ku Malawi amayenera kuitanitsidwa ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha inatsika mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Petulo wa ku Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuchokera m'chaka cha 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inatsegulidwa, ndipo ethanol amafewetsa mapaipi a labala akalekale, choncho asinthidwe ulendo usanayambe. Galimotozi n'zolemera ndipo mimba yake ili pafupi ndi nthaka. Pa msewu wafumbi wa kumudzi, nthawi ya mvula, zimatitimira ndi kung'amba poto wa oyilo pa miyala. Makaniko wa pa sitolo za kumudzi, amene amadziwa bwino Toyota, angathe kusowa poyambira pa makina opopera petulo a Bosch.

Zoti banja likambirane

Alangizi a zachitukuko amene amagwira ntchito ndi mabanja olandira ndalama kuchokera ku Joni, komanso atsogoleri a magulu a banki m'khonde, angathandize pofunsa mafunso ochepa wachibale asanagule. Kodi galimotoyi idzagwira ntchito yanji? Kodi pa mwezi idzadya ndalama zingati pa mafuta, laisensi, inshuwalansi ndi kukonza, nanga ndalamazo zidzachotsedwa pati? Kodi ikadzaima miyezi itatu kudikira sipeyala, banja lidzavutika motani? Kuwerengera kwake kuchitike papepala, m'matumba a fetereza ndi m'matemu a sukulu, chifukwa ndiyo miyeso imene aliyense pakhomo amaimva.

Ngati cholinga ndi kunyamula chimanga, mtedza ndi tomato kupita ku msika, kapena kuthamangitsira wodwala ku chipatala, yankho ndi pikapu. Toyota Hilux, Isuzu KB kapena Nissan 1400, imene inapangidwa ku Rosslyn mpaka 2008, zimanyamula katundu, zimapirira misewu yoipa ndipo amakaniko ambiri amazidziwa. Ena amaganiza zobwereketsa Benz pa maukwati. Malondawa alipo m'mizinda, koma ndi a nyengo, amafuna galimoto yosalala m'kati ndi kunja, ndipo kunyamula anthu mowalipiritsa kumafuna ziphaso ndi inshuwalansi yakeyake.

Izi sizikutanthauza kuti wantchito sayenera kukhala ndi chinthu chokongola. W123 yosamalidwa bwino, yokhala ndi mapepala oongoka, yopanda dzimbiri, m'manja mwa munthu amene amadziwa kugwira sipanala ndipo ali ndi kangachepe kapadera kosakhudza ndalama ya kumudzi, ingathe kutumikira zaka zina zambiri. Amene zinthu zinayi zimenezi sizinamukwanire adikire kaye, afunse kwa amakaniko ndi kwa anzake amene anagulapo, ndipo ngati n'kotheka aone galimoto zisanu asanasankhe imodzi. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.